Khadi langa lisiye kulira ngati chigayo: zolemba za ntchito yosintha choziziritsira pa R9 290

Loweruka, 4 Okutobala 2025

Ntchitoyi yayamba chifukwa cha mawu omwe mayi a kunyumba anandiuza Lachinayi usiku, atangosuzumira pakhomo la kuchipinda: "Bambo a mwana, chigayo chanucho tazimitsani, mwana wadzuka kachiwiri." Nthawi inali itadutsa 11 koloko, ine ndili mkati motsiriza kanema wa chinkhoswe cha kasitomala. Nyumba yomwe tikuchita lendi ku Chilomoni ilibe siling'i, ndiye phokoso la pabalaza limangodumpha khoma n'kukagwera pabedi.

Chigayocho ndi graphics card yanga, khadi lotulutsa zithunzi m'kompyuta, Radeon R9 290 ya kampani ya AMD, ya mtundu woyambirira uja wa chikuto chakuda chokhala ndi mizere yofiira ndi fani imodzi kumapeto. Makhadi amenewa anatuluka mu Novembala 2013 pa mtengo wa madola 399. Chip yake amaitcha Hawaii, ili ndi ma transistor 6.2 biliyoni, ndipo pambali pake pali memory ya 4GB. Limadya magetsi kudzera m'mapulagi awiri, ya 6-pin ndi ya 8-pin, kuwonjezera pa omwe limakoka pa motherboard. Langali ndinagula kwa mnzanga mu 2019, iyenso atagula kwa wina.

Fani yake ndi ya mtundu wa blower. Ndi kagudumu kakang'ono komwe kamayamwa mpweya, n'kuukankhira m'kanjira kopanikizika kodutsa pakati pa timapepala ta chitsulo, mpaka utulukire kumbuyo kwa kompyuta. Ubwino wake ulipo: mpweya wotentha sutsala m'kesi. Koma kuti kagudumu kakang'ono choncho kakankhe mpweya wokwanira, kayenera kuzungulira mwamisala. Opanga anakonza zoti chip izifika madigiri 95 popanda vuto, ndipo fani izifika 47 peresenti, komwe ndi kuzungulira pafupifupi ka 2,650 pa mphindi. Choncho ngakhale lili latsopano, khadili silinali lofatsa. Langali lawonjezerapo ukalamba: beringi ya fani yayamba kachiphokoso kena ka gwedegwede pansi pa mluzu wa mpweya uja.

Ndayeza kaye ndisanagwire kanthu, kuti ndidzakhale ndi pofanizira. M'nyumba munali madigiri 29. Ndayendetsa Unigine Heaven, pulogalamu yogwiritsa khadi ntchito yolemera, kwa mphindi 20 ndikuyang'ana GPU-Z, yomwe imaonetsa kutentha ndi liwiro la khadi. Chip yafika 94 n'kukhazikika pamenepo, liwiro lake latsika kuchoka pa 947 MHz kufika cha m'ma 800, VRM1, sensor ya tizipangizo totsitsa magetsi opita ku chip, yaima pa madigiri 71. App ya pafoni yoyezera phokoso, nditaika foni pamtunda wa theka la mita, yaonetsa ma decibel 52. App imeneyi sindiikhulupirira kwenikweni, koma bola foni ikhale yomweyo, pamalo omwewo.

Kugula khadi latsopano sinkhani ya chaka chino. Ilili likugwirabe ntchito yonse yomwe ndimafuna pa sikirini ya 1080p. Chomwe ndikufuna n'choti ndizigwira ntchito usiku munthu ali m'tulo kuseri kwa khomali.

Lamulungu, 5 Okutobala

Ndayamba ndi zotchipa: kutsuka ndi kusintha thermal paste, phala lomwe amapaka pakati pa chip ndi chitsulo choziziritsira kuti kutentha kuzidutsa bwino.

Nditachotsa chikuto ndapeza fumbi litalukana pakamwa pa timapepala tija ngati kabulangete, lofiirira, fumbi lenileni la chilimwe. Ndalisenda ndi zala likutuluka lathunthu. Zotsala ndachotsa ndi mswachi wakale. Paste yakale inali itauma n'kung'ambikang'ambika ngati dothi la kudambo mwezi uno. Ndapukuta ndi isopropyl yomwe anandigawira m'kabotolo mnyamata wina wokonza mafoni ku Limbe. Sipiriti wapepo wa m'magolosale uja musamuyandikize, amasiya utoto.

Ndapaka paste yatsopano ya MX-4, ndabwezeretsa zonse, ndayesanso. Liwiro tsopano likukhala pa 947 pafupifupi nthawi yonse, zomwe ndi phindu. Koma kutentha kwafikabe 94, kungoti mochedwerapo, ndipo phokoso ndi lomwe lija. Ndimayenera kudziwiratu. Khadili limalola chip itenthe mpaka pamalire ake, fani n'kukwera mpaka pamalire ake, zikalephera zonsezo ndiye limatsitsa liwiro. Kutsuka kwangobweza liwiro lomwe linkatayika, osati kuchotsa phokoso. Tsiku lathunthu la Mulungu lapita.

Lachitatu, 8 Okutobala

Madzulo atatu ndakhala ndikuganizira njira.

Yoyamba ndi ya madzi. Pali kachitsulo ka NZXT kotchedwa Kraken G10 komwe kamalola kumangirira choziziritsira cha madzi cha CPU pa graphics card. Anthu ambiri a R9 290 anachita zimenezi kalelo. Ine ndaikana. Chatsopano n'chodula, ndipo chogwiritsidwapo kale sungadziwe kuti pampu yake yatsala ndi miyezi ingati kapena madzi aphwa ochuluka bwanji. Pampu ikafa siichenjeza. Komanso imakhala ndi kakulira kake kosalekeza, komwe usiku kamamveka.

Yachiwiri ndi Accelero Xtreme ya Arctic, ya mafani atatu a 92mm, yomwe analemba kuti imatha ma watt 300. Ndi yabwino, koma mafani ake ndi a pomwepo. Imodzi ikatha, kupeza inzake kuno ndi nkhani ina.

Yachitatu ndi Morpheus ya Raijintek, yomwe inatuluka mu 2014. Iyi ndi heatsink, chitsulo chomwaza kutentha, yokhayokha, yaikulu, ya mapaipi a mkuwa, ndipo mafani umaikapo wekha awiri a 120mm, omwewa a m'makesi wamba. Apa ndi pomwe mtima wanga wagwera. Fani yaikulu imakankha mpweya wochuluka ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo phokoso la fani limakwera msanga kwambiri liwiro likamakwera. Ikadzatha ndidzangochotsa n'kuikapo ina iliyonse.

Achimwene anga omwe ali ku Johannesburg andipezera yogwiritsidwapo kale kwa munthu wina kumeneko. Pa WhatsApp anandiseka kaye. "Iwe, chitsulo chimenechi chikulemera kuposa khadi lakolo. Bwanji osangogona msanga ngati anthu ena?" Ndawayankha kuti achimwene, usana ndimakhala kuntchito, makanema a maukwati ndi omwe akugula mkaka. Avomera. Awonjezera mafani awiri a Arctic P12 PWM ndi kachidutswa ka thermal pad ya 1mm, kamphira kofewa kodutsa kutentha, atumiza pa basi.

Ndayeza m'kesi ndi rula. M'litali zikwana. M'lifupi, heatsink ndi mafani pamodzi zitenga malo a ma slot pafupifupi anayi, ndiye kakhadi ka Wi-Fi kachoke. Ndigwiritsa ntchito ka USB.

Lolemba, 13 Okutobala

Katundu ndakatenga ku Wenela poweruka. Heatsink ili bwinobwino, timapepala titatu tokha ndi tomwe tapindika, ndawongola ndi mpeni wa patebulo. Zomangira zonse zilipo.

Chomwe chasowa ndi chomwe sindinaganize zofunsa. M'bokosi la Morpheus mumayenera kukhala tima heatsink ting'onoting'ono ta memory ndi ta VRM. Ta memory ndapezamo tisanu ndi tinayi tokha, pomwe khadili lili ndi ma chip a memory 16. Ya VRM mulibiretu. Wogulitsayo anati zonse zilimo, mwina naye sankadziwa. Kubweza katundu ku Joni chifukwa cha tizitsulo sizingatheke.

Ndilembe pano chifukwa chake zikundidetsa nkhawa, poti nanenso ndazimvetsa bwino sabata yomwe ino. Power supply imapereka ma volt 12. Chip imafuna pafupifupi 1.2 basi. Ntchito yotsitsa magetsiwo ndi ya VRM, kamzere ka tizipangizo komwe kali chakumapeto kwa khadi, pafupi ndi mapulagi. Tsono ngati chip ikudya ma watt 200 pa ma volt 1.2, ndiye kuti m'kamzere kameneka mukudutsa ma amp oposa 160. Tizipangizo tomwe tikusenza katundu yenseyu ndi tating'ono kuposa chikhadabo cha chala chakaniye. Pa choziziritsira chakale, tonseti tinali titagunda chitsulo chimodzi chachikulu chapansi, chomwe chinkatenga kutentha kwa memory ndi VRM pamodzi. Blower ija tinkainyoza, koma mbali imeneyi inkaisamalira bwino, n'chifukwa chake VRM1 inkaima pa 71. Ndikachotsa chitsulo chimenecho, Morpheus igunda chip yokha. Zina zonse zitsala pamtunda.

Lachitatu, 15 Okutobala

Lero ndi holide ya Tsiku la Anakubala. M'mawa tinapita ku Chirimba kukasiya chitenje ndi shuga kwa amayi, masana ndinayala nyuzipepala patebulo.

Kumanga heatsink sikunavute, koma kumafuna mtima wodekha. Chip ya khadili ilibe chivindikiro chachitsulo ngati CPU, ndi galasi lamaliseche lonyezimira, lokula ma square millimita 438, lozunguliridwa ndi tima capacitor tonga mchenga. Sikuludiraiva ikaterereka kamodzi, basi kwatha. Masikuluwu anayi aja ndamanga modumphitsa, iyi kenako ya kungodya ina, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chitsike chofanana mbali zonse. Kawashala kamodzi kapulasitiki kanagwera pansi, tinakafuna anthu awiri ndi tochi ya foni, tinakapeza m'mphepete mwa mkeka.

Kenako ndinachita zopusa. Ndinati ndingoona pang'ono mmene zikuyendera, VRM ilibe kanthu, poti mafani awiri akuipemerera mwachindunji. Mafaniwo ndinawalumikiza kaye pa motherboard. Heaven itayamba ndinasangalala: chip pa 52, pa 55, pa 58, n'kuima. Kuchoka pa 94! Ndinawaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Mmene ndimatsitsa maso pa mzere wa VRM1 n'kuti ili pa 97, ikukwera digiri imodzi masekondi angapo alionse. Pa 105 ndinatseka, mphindi zinayi zisanakwane n'komwe.

Chondiopsa n'choti khadili linalibe chizindikiro chilichonse. Zithunzi zinali bwino, phokoso kulibe, ndipo nambala yomwe mapulogalamu ambiri amaonetsa pamwamba, ya chip, inali yokongola. Munthu wosatsegula tsamba la ma sensor akanasewera mwezi wathunthu akudzitama, kumapeto kwa khadi kukupsa. Sindiliyatsanso mpaka nditapeza chitsulo.

Za apo ndi apo: dzulo, pa 14, ndi tsiku lomwe Microsoft yasiya kuthandiza Windows 10, ndipo CPU yangayi, Core i5-4590, siili pa mndandanda wa Windows 11. Ma driver a khadili nawonso AMD inasiya kuwatulutsa pafupipafupi mu 2021. Ndikukonza denga la nyumba yomwe maziko ake akalamba, ndikudziwa. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndapita ku Ndirande ndi kapepala m'thumba. Dzulo usiku ndinaika pepala pamwamba pa kamzere ka VRM, n'kudetsa ndi pensulo mpaka malire ndi mabowo awiri a kumapeto anaonekera. Ndinayezanso mpata wa pakati pa khadi ndi timapepala ta Morpheus, poti chitsulo chikatalika chigunda.

Kumsika ndapeza abambo ena achikulire okonza ma TV ndi ma amplifier, kabenchi kawo kodzaza mabodi akufa. Nditawafotokozera anatenga kapepalako, kukayang'ana chozondoka, n'kufunsa kuti, "Achimwene, chimenechi chikuziziritsa ma transistor?" Ndinati eya madala, ndi omwewo, kungoti ang'onoang'ono. "Ndiye osavutika." Analowetsa dzanja m'katoni n'kutulutsa heatsink ya aluminiyamu ya amplifier yakufa, ya mano ataliatali.

Tinadula ndi sowo kamzere kofanana ndi pepala lija, n'kufupikitsa mano. Mabowo anaboola okha. Chomwe ndinaphunzira kwa iwo ndi cha kunsi kwake. Ine ndimati tatha, iwo anayala sandipepa pa kagalasi ka windo, n'kuyamba kukhutiza chitsulocho mozungulira, akuthira timadontho ta madzi. Anati tupa simasalaza, imangokumba pakati. Patapita kanthawi anachitembenuza kundionetsa: mbali yonse yayera mofanana, popanda chigamba chakuda. Anadulanso tizidutswa tisanu ndi tiwiri ta memory pa zotsalazo. Ndalama yomwe anatchula inali yochepa kuposa ya minibasi yopita ndi kubwera, ndinawonjezerapo ya drinki.

Kunyumba ndatsuka zonse ndi sopo kenako isopropyl, chifukwa kanyenyeswa kamodzi ka aluminiyamu kakagwera pa bodi kakhoza kulumikiza zosayenera kulumikizana. Pa VRM ndayala thermal pad, chitsulo pamwamba, timabawuti tiwiri tokhala ndi mawashala apulasitiki mbali zonse. Ndinaunika ndi tochi cham'mbali kuona ngati chitsulo chikugunda china chilichonse kupatula pad. Ngodya imodzi inayandikira kwambiri mwendo wa capacitor. Ndinamasula, kuidya ndi tupa, kutsukanso, kumanganso. Pomanga sindinalimbitse kwambiri: bodi ikayamba kupindika, tizipangizo tapakati timasiya kugunda pad.

Za memory ndamata ndi tepi yake yodutsa kutentha. Zomwe zili pansi pa mapaipi ndaikapo zazifupi.

Lamulungu, 19 Okutobala

M'mawa ndapeza ka heatsink kamodzi ka memory katagwa, kali gone pa timapepala ta Morpheus. Mwayi wake khadi limakhala chozondoka m'kesi, ndiye chogwa chimagwera kutali ndi bodi. Cholakwa ndi changa: ma pad akale amasiya mafuta pa ma chip, ndipo ndinangopukuta kamodzi. Ndachotsa zonse 16, ndapukuta chip iliyonse katatu, kenako ndakhutiza ndi labala ya pensulo mpaka pamwamba pasiye kunyezimira. Tepi yatsopano, kukanikiza ndi chala masekondi makumi atatu pa iliyonse. Kuti ndifike pa zonsezi ndinayenera kuchotsanso heatsink yaikulu, ndiye paste yapitanso ina.

Madzulo inali nkhani ya mawaya. Ndikufuna mafani azilamulidwa ndi khadi lenilenilo, osati motherboard, kuti khadi likatentha iwo azidziwa. Pa khadi pali polumikizira fani pa mapini anayi, koma ndi pang'ono kuposa pa mafani a m'kesi. Kachingwe kosinthira kamagulitsidwa kunja, ine ndinaiwala kuwauza achimwene. Ndadula pulagi ya blower yakale ija n'kuiwotcherera ku kachingwe kowonjezera ka fani wamba. Mawaya ndi anayi: wa ground, wa ma volt 12, wowerenga liwiro, ndi wa PWM wolamula liwiro. Awiri oyambawo ndawapeza ndi multimeter. Mitundu ya mawaya musaidalire, opanga amasiyana. Za mphamvu sindinade nkhawa, poti ma amp olembedwa pa blower ndi ochuluka kutalitali kuposa a mafani awiriwa pamodzi.

Poyatsa koyamba mafani anathamanga liwiro lonse, GPU-Z n'kumati RPM ndi 0. Ndinasemphanitsa awiri otsalawo. Fani ya PWM ikapanda kulandira lamulo imangothamanga mpaka mapeto, ndipo pa P12 mapetowo ndi 1,800. Ndinasinthanitsa, zinakhala bwino. Fani yachiwiri ikutengera pa yoyamba, ndipo liwiro likuwerengedwa pa imodzi yokha.

Ndili mkati moyesa magetsi anazima. Zotsatira mawa.

Lachiwiri, 21 Okutobala

M'nyumba madigiri 31, kunja kukuchita ngati mvula koma ayi. Mu MSI Afterburner, pulogalamu yolamulira khadi, ndakonza kuti mafani aziyamba pa 25 peresenti, azikwera pang'onopang'ono mpaka 55 chip ikafika 70. Heaven mphindi 30, kesi yotseka: chip 63, VRM1 88, liwiro 947 osagwedezeka, mafani cha m'ma 1,000 pa mphindi. App ya pafoni ikuti 39. Amati kutsika kwa ma decibel khumi khutu limakumva ngati phokoso lachepa ndi theka, ndipo apa ndi oposa khumi. Komanso mtundu wa phokoso wasintha. Mluzu uja wapita, kwatsala kupuma chabe.

Chitsulo cha madala aja chagwira ntchito, koma 88 sikundisangalatsa. Si yoopsa, kungoti Novembala akubwera ndipo fumbi lidzawonjezera.

Vuto lina latsopano: mpweya wotentha womwe blower inkataya kunja tsopano ukuzungulira m'kesi momwemo. CPU yakwera ndi madigiri asanu ndi limodzi, ndipo mbali ya kesi ukaigwira ikumveka yofunda. Ndasamutsa fani yakale ya pamwamba kuiika kutsogolo kuti izilowetsa mpweya, yakumbuyo izitulutsa. Kutsogoloko ndakutirako kachidutswa ka neti ya udzudzu yakutha, kopinda kawiri, kuti kazigwira fumbi. CPU yabwerera pafupi ndi pakale, VRM1 yatsika kufika 84.

Loweruka, 25 Okutobala

Lero ndachita chinthu chomwe sichinanditengere tambala, ndipo chandichititsa manyazi pang'ono.

Kutentha konseku ndi magetsi omwe khadi likudya. M'malo molimbana ndi kukutaya, bwanji osachepetsa komwe kukuchokera? Mphamvu yomwe chip imadya simakwera mofanana ndi ma volt, imakwera mowirikiza: ukatsitsa ma volt ndi 5 peresenti, mphamvu imatsika ndi pafupifupi 10. Ndipo opanga amaika ma volt okwererapo dala kuti chip iliyonse, yabwino ndi yofooka yomwe, igwire ntchito. Ndiye nthawi zambiri pamakhala kampata.

Mu Afterburner ndatsegula polamulira ma volt, n'kuyamba kutsitsa. Pa -25 mV palibe vuto. Pa -50 mV Heaven yayenda ola lathunthu. Pa -75 mV Heaven inayendanso bwinobwino, ndinayamba kudzitama, koma nditangotseka n'kutsegula browser sikirini inathwanima kawiri n'kuda bii. Ndinachita kuzimitsa pa batani. Zikuoneka kuti vuto silibwera khadi likamagwira ntchito yolemera, koma likamapuma: ma volt amakhala atatsika kale, iwe wachotsaponso ena, kenako memory ikudumpha mwadzidzidzi kupita pa 1,250 MHz. Ndiye poyesa musamangoyendetsa masewera, tsegulaninso YouTube, sunthani mawindo, siyani kompyuta ikhale chabe. Ndabwerera pa -50, ndipo ndachotsa chizindikiro choti zosinthazi zizilowa zokha Windows ikamayaka, mpaka nditatsimikiza kwa masiku angapo.

Ndawonjezera kutsekera masewera pa mafelemu (zithunzi) 60 pa sekondi ndi pulogalamu ya RivaTuner. Sikirini yanga ndi ya 60Hz, mafelemu opitirira pamenepo ndinkangowotcha nawo mayunitsi osawaona.

Zotsatira pa Heaven, m'nyumba muli 30: chip 58, VRM1 74, liwiro lomwe lija la 947. Mzere wa VDDC Power In mu GPU-Z, woonetsa magetsi opita ku chip, watsika ndi ma watt pafupifupi 40. Ndikawerengera maola anayi pa tsiku kwa mwezi, ndi mayunitsi pafupifupi asanu. Si ambiri, koma ndi anga. Poti kutentha kwatsika, ndatsitsanso mafani, tsopano sakupitirira 850.

Madigiri khumi pa VRM, aulere. Ulendo wa ku Ndirande, sandipepa, mabawuti, zonse zija zinali zofunika, koma ichi ndikanayamba nacho pa 4 Okutobala ndisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi. Funso lomwe likundivuta ndi lakuti, kodi blower ija ikanafatsa mokwanira ndi njira imeneyi yokha? Kuyesa sindingathenso, pulagi yake ndinadula. Maganizo anga ndi akuti ikanatsika ndithu, mwina mpaka kupiririka masana, koma gwedegwede wa beringi akanatsala, ndipo usiku m'nyumba yopanda siling'i akanamvekabe. Komabe amene khadi lake likungosokosa chabe, fani ili yabwino, ayambe watsitsa ma volt asanatumize ndalama ku Joni.

Loweruka, 1 Novembala

Sabata yathunthu popanda sikirini kuda, ndiye -50 mV ndaisiya kuti izilowa yokha.

Achimwene ananena zoona za kulemera. Nditaunika m'kesi Lachinayi ndinaona kumapeto kwa khadi kutawerama, pafupifupi theka la sentimita. Ndadula kansungwi kouma kutalika kwake kuchokera pansi pa kesi kufika pa ngodya ya fani, ndakulunga tepi yakuda kumapeto onse, ndachirikiza. Sikokongola, koma mbali ya kesi yangayi ilibe galasi.

Mausiku atatu ndagwira ntchito mpaka cha m'ma 12, ukwati wa ku Lunzu wa maola awiri ndi theka. Lachisanu mwana anadzuka ndithu, koma ndi mano omwe akumera, ndipo dzina la chigayo silinatchulidwe.

Khadi litakhala chete, zina zomwe zinkabisala zayamba kumveka. Pa ma menu a masewera, pomwe mafelemu ankathamanga mazanamazana, pankamveka kakulira kosongoka ngati ka nkhululu kutali. Ndi ma coil a VRM akunjenjemera, ndipo kanatha nditatsekera pa 60 paja. Fani ya power supply tsopano ndiyo yaikulu m'nyumba muno. Imeneyo sinditsegula, ma capacitor a mkatimo amasunga magetsi ngakhale utazula pulagi, ndidikira ndidzagule ina. Chotsala ndi hard disk yomwe ndimasungira makanema, ikunjenjemeretsa kesi yonse ndi kang'ung'udza kapansipansi. Ndikayika dzanja pambali kamasiya, ndikachotsa kamayambanso.

Ndapempha chubu chakutha kwa wokonza njinga wa pamphambano, andidulira malegeni anayi. Mawa ndichotsa masikuluwu a hard disk n'kuipachika pa malegeniwo m'malo oikamo DVD drive momwe muli mpata. Pa 15 ndidzatsegulanso kesi kuwerenga ngati tima heatsink ta memory tikadali 16, ndi kuchapa kaneti ka kutsogolo, komwe kayamba kale kufiira.